N'chifukwa chiyani achule a m'dambo limodzi sasakanikirana mtundu?

FUNSO: Akonzi, mvula ikayamba, dambo la kumunsi kwa minda ya tiyi kwathu kuno limadzaza ndi achule amitundumitundu, ena ofanana kwambiri, ndipo onse amaikira mazira m'madzi amodzimodzi. Zimatheka bwanji kuti mitunduyi isasakanikirane?
Mayi wa ku Luchenza, Thyolo

YANKHO: Mayi, yankho lili m'phokoso lomwelo limene limakusowetsani tulo. Amene amalira chonchija ndi achule aamuna, atafufumitsa thumba la pakhosi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kaliridwe kake: wina amakoka mawu motsitsa, wina amawadula pafupipafupi mokweza. Khutu la chule wamkazi limamva bwino kulira kwa mtundu wake, choncho iye amadutsa amuna ena onse n'kulunjika kwa amene akulira mwa chikwawo. Wamwamuna sasamala kwenikweni, pakuti nthawi zina amakakamira pamsana pa chule wa mtundu wina, moti ntchito yaikulu yosankha ili ndi wamkazi.

Nsomba nazo zimatero. Ku Nyanja ya Malawi mbuna zamitundu yambiri zimakhala pamiyala imodzi, koma zazikazi zimazindikira amuna awo makamaka poona maonekedwe a thupi, pomwe amuna a mitundu ina ya utaka amaunjika mchenga pansi pa nyanja, mtundu uliwonse mwa kamangidwe kake.

Chofunika kumvetsa n'chakuti pa zamoyo zapachibale chotere, chotchinga nthawi zambiri chimakhala khalidwe, osati thupi. Mu 1998, akatswiri a zamoyo Ole Seehausen ndi Jacques van Alphen anayesa nsomba ziwiri za m'Nyanja ya Victoria: Pundamilia pundamilia, imene amuna ake ndi abuluu, ndi Pundamilia nyererei, imene amuna ake ndi ofiira (dzinali ndi lolemekeza Julius Nyerere). Pa kuwala kwa masiku onse, zazikazi zinkasankha amuna a mtundu wawo, koma ataziika pa kuwala kwa mtundu umodzi kobisa kusiyana kwa maonekedwe ofiira ndi abuluu, zinasiya kusankha motero. Mitundu iwiriyi ikakwerana, ana ake amakula n'kuberekanso.

Apa m'pamene pali nkhawa yanga. Seehausen yemweyo ndi anzake anaonetsa mu 1997 kuti m'madera a Nyanja ya Victoria momwe madzi ndi a matope, mitundu ya nsombazi ndi yochepa ndipo maonekedwe ake ndi ozilala, pakuti m'madzi otere zazikazi sizitha kuona bwino maonekedwe a amuna awo. Dothi limene mitsinje yathu ikukokolola m'mapiri odulidwa mitengo likhoza kuchita zomwezo kwa mbuna.