Funsani Amisiri: echo sounder ya pa rigi ikayamba kuvuta

Kuno ku Chipata kulibe nyanja, koma mabanja ambiri ali ndi abale amene amapha kapenta ku Kariba, ndipo ena anaikako ndalama zawo. Mafunso a mwezi uno ndi okhudza echo sounder, makina oonera nsomba ndi kuya kwa madzi, a pa rigi, boti lophera kapenta.

Funso: Ndine mayi wa ku Kapata. Ndili ndi rigi ya kapenta ku Siavonga, amene amaiyang'anira ndi alongo anga. Akuti echo sounder ikumazima yokha, nthawi zina osaonetsa pansi pa nyanja, manambala n'kumangophethira. Akufuna ndalama yogulira ina. Nditumize?

Yankho: Mayi, musafulumire kutumiza. Kawirikawiri makinawo amakhala ali bwino, vuto limakhala pa batire, pa nthambo, kapena pa transducer, kachipangizo kamene kamakhala m'madzi. Kameneka kamatumiza kaphokoso pansi n'kumvetsera kakamabwerera. M'madzi opanda mchere phokoso limathamanga mamita pafupifupi 1,480 pa sekondi, ndipo makina amadziwa kuya poona nthawi imene latenga kupita ndi kubwera. Chilichonse chotchinga nkhope ya transducer chimasokoneza zimenezi.

Alongo anuwo ayambire pa batire. Aiyeze ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, batireyo itapuma maola angapo: yodzaza imaonetsa 12.6 V, ikaonetsa 12.2 V ndiye kuti yafika theka, ndipo ikatsika pansi pa 12 V itchajidwe kaye. Ngati makina amazima pamene akuliza injini, ndiye kuti akudyera batire imodzi ndi sitata, choncho apatsidwe yawoyawo. Mitu ya batire ikachita ufa woyera kapena wobiriwira, asungunule supuni imodzi ya soda m'kapu ya madzi, atsuke ndi mswachi wakale, aumitse, amange zolimba, kenako apake girisi pang'ono. Fyuzi ya makina ang'onoang'ono ambiri ndi ya 3 A, koma aone zimene buku lake likunena. Kulowetsa kawaya m'malo mwa fyuzi yopsa n'kumene kumawotcha makina enieniwo, ndipo pamenepo ndalama ya atsopano imafunikadi.

Akachoka apo achotse pulagi ya kumbuyo kwa sikirini, kugwira pulagi yeniyeniyo osati kukoka nthambo. Timano take tikabiriwira, awaze contact cleaner, mankhwala otsukira polumikizira magetsi, tiume, ndiye apake girisi wa silicone pang'ono kuti chinyezi chisalowenso.

Tsono transducer. Madzi a ku Kariba ndi ofunda ndipo ndere zimamera msanga. Aipukute mlungu uliwonse ndi kansalu kofewa ndi sopo wotsukira mbale. Petulo, thinner, mpeni ndi burashi ya waya zisayandikire, chifukwa zimadya pulasitiki kapena kuikanda, ndipo m'zokandikamo mumakhala timathovu ta mpweya, timene phokoso limalephera kudutsa. Utoto wa boti asapakepo. Chitsulo chimene inamangidwapo achikweze n'kutsukira pamwamba, munthu asalowe m'madzi, Kariba ndi ya ng'ona. Pobwezera, nkhope yake iyang'ane pansi penipeni, itamira bwino, kutali ndi thovu la pulopela. Ngati makina amaona bwino rigi itaima koma n'kutaya pansi ikayamba kuyenda, vuto ndi thovulo kapena chitsulo chapindika.

Kuti adziwe ngati ikali moyo, ayatse makina n'kuiyandikiza kukhutu: yamoyo imamveka kuti thi-thi-thi. Achite zimenezi kwa masekondi ochepa chabe, chifukwa kunja kwa madzi imatentha. Ikakhala chete pamene batire ndi pulagi zili bwino, kapena ikaoneka kuti yang'aluka, mugule transducer yokha. Imagulitsidwa payokha, koma ikhale yogwirizana ndi mtundu wa makinawo.

Funso: Tikayatsa jenereta ya magetsi oitanira kapenta, sikirini imadzaza mizere ndi timadontho. Nthambo ya transducer nayonso ndi yaitali kwambiri. Ndiidule? Bambo wa ku Katete, panopa ku Sinazongwe.

Yankho: Musaidule, bambo. Nthamboyo ili ndi chikuto m'kati chotchinga kusokoneza kwa magetsi ena, ndipo polumikiza ndi tepi ndi pamene madzi amalowera. Yotsalayo ipindeni ngati nambala 8 n'kuimanga pamalo pouma. Mizereyo ikubwera chifukwa nthambo yagona pamodzi ndi mawaya a jenereta kapena a injini. Isiyanitseni, ndipo ngati iyenera kuwadutsa, iwadutse mopingasa, osati kuyenda nawo limodzi. Mizere ikapitirira ngakhale jenereta mwazimitsa, yang'anani marigi oyandikana nanu, popeza makina awiri a frequency imodzi, kutanthauza otumiza phokoso lofanana, amamverana. Pamenepo sunthani pang'ono, kapena tsitsani gain, mphamvu imene makina amamvera nayo phokoso lobwerera, mpaka sikirini iyere koma pansi pakuonekabe.

Funso: Makina anga ali ndi frequency ziwiri, 50 kHz ndi 200 kHz. Ndisankhe iti, nanga ndingadziwe bwanji kuti kuya kumene akuonetsa n'koona? Mnyamata wa ku Petauke.

Yankho: Ku Kariba gwiritsani 200 kHz. Malo akuya kwambiri a nyanjayi ndi mamita 97 okha, ndipo 200 kHz imaonetsa bwino gulu la tinsomba ndi mitengo imene inamira pamene damu linadzaza, mitengo imene imang'amba maukonde. 50 kHz imafika pansi kwambiri koma zithunzi zake sizioneka bwino, choncho imathandiza ku Mpulungu, pa nyanja ya Tanganyika, imene kuya kwake kumafika mamita 1,470.

Poyesa, achimwene, tengani chingwe chosatanuka, ikani mfundo pa mita iliyonse, mangirirani mwala kumapeto, n'kuchitsitsa pamalo abata ozama mamita 10 kapena kuchepera, kenako yerekezani ndi zimene makina akuonetsa. Kumbukirani kuti makina amawerenga kuchokera pa transducer, osati pamwamba pa madzi, ndiye ngati inamira theka la mita, lembani 0.5 pa keel offset, pamalo pouzira makina kuti transducer inamira bwanji, motsatira buku lake. Masiku a mwezi wowala, pamene marigi amapuma, ndiwo abwino kuchita zonsezi. Sikirini muzule, muipukute ndi kansalu konyowa ndi madzi oyera, muisunge m'nyumba pouma posafika dzuwa, ndipo pulagi yotsala pa rigi muivale chivundikiro chake itayang'ana pansi.