Za makina a X-ray zisiye kaye, yamba waphunzira ntchitoyo

Mtsikana wina amene akumaliza dipuloma ya radiography (ntchito yojambula odwala ndi X-ray) wandilembera kuti mtima wake uli pa kusamalira zithunzi zakale zopenta ndi zosema za m'mamyuziyamu. Akufunsa makina a X-ray oti agule kuti ayambe bizinesi yozijambula. Bambo ake akuti akangosiya chipatala, fizi yonse yalowa m'madzi.

Mwana wanga, makalata otere andikwana: ntchito simunaiphunzire, koma mwayamba kale kufunsa mtengo wa chipangizo. Makina amenewa amagula ndi myuziyamu. Amafuna chipinda chotchingidwa ndi mtovu komanso chilolezo cha bungwe loyang'anira za cheza la Atomic Energy Regulatory Authority, ndipo kuno kwathu makasitomala oti akubwezere ndalama zako suwapeza.

Koma zimene waphunzirazo ndi chuma. Ukudziwa kuti pojambula chifuwa mumapitirira 100 kV (muyezo wa mphamvu ya magetsi yotulutsira cheza), ndipo makina a kuchipatala ali ndi sefa ya aluminiyamu yochotsa cheza chofooka poteteza wodwala. Chithunzi chopenta pansalu chimafuna cheza chofooka chomwecho, cha m'ma 20 mpaka 50 kV, n'chifukwa chake mamyuziyamu amasankha chubu chotulutsa cheza cha windo la beryllium, chitsulo chimene chimalola cheza chofookacho kudutsa. Penti yoyera yakale ili ndi mtovu, imatsekereza cheza n'kuoneka yowala pa X-ray, ndiye umaona pamene mmisiri anasintha maganizo, pamene panang'ambika, pamene ena anamatapo. Chosema cha mkuwa chimafuna mphamvu zambiri kuposa pamenepo. Wosankha makina amayamba wafunsa kuti m'nkhokwe muli zinthu zamtundu wanji, ndipo funso limenelo amayankha ndi munthu wodziwa chemistry ndi mbiri ya zaluso.

Njira imene ine ndikuikhulupirira nayi. Gwira ntchito kuchipatala, upeze digiri, ulimbikire chemistry. Pa tchuthi kadzipereke kuthandiza ku myuziyamu ya Chichiri kapena ya Karonga. Kenako yesa masitazi ya kusamalira zinthu zakale (Heritage Conservation) ku University of Pretoria. Ku sukulu ya zaluso ya Courtauld, mu London, maphunziro okonza zithunzi zopenta ndi a zaka zitatu ndipo amatenga anthu ochepa kwambiri, choncho usaikepo mtima wonse.

Inu bambo, lekani kumuwerengera fizi mwanayu ngati ngongole ya katapila. Dipuloma yakeyo ndi imene idzamusiyanitse ndi anzake ofunsira malo.

Iwenso dziwa kuti ntchito zimenezi n'zochepa ndipo malipiro ake sasangalatsa. Ukadzandilembera uli ndi digiri m'manja, ndidzakuthandiza kulemba kalata yofunsira sikolashipu.