Za kreef ku Cape Town: kuyankha achimwene a ku Monkey Bay

Achimwene, mwafunsa kuti poti mwakulira pa bwato ku Monkey Bay, kodi mutabwera kuno simungadyere usodzi wa lobster, nkhanu zazikulu za m'nyanja yamchere zija kuno amati kreef, popeza mwamva kuti zili ndi ndalama. Ndalama zilipodi, koma zimatsata mwini chilolezo, osati wokoka chingwe.

Lamulo la usodzi la 1998, Marine Living Resources Act, limapereka ufulu wogwira ndi kugulitsa kwa nzika za South Africa ndi makampani awo basi. Ngakhale makopaletivu a asodzi ang'onoang'ono, amene anabwera ndi ndondomeko ya 2012, amalemba nzika zokhazokha. Inu ndi pasipoti ya kwathu, chomwe mungapeze n'kukhala wantchito pa boti la munthu, ndipo apo pafunikanso mapepala okulolani kugwira ntchito.

Komanso eni dziko akulira nazo. Anyamata obadwira m'madera a asodzi ngati Paternoster, Lamberts Bay ndi Hout Bay, amene agogo awo ankadyera momwemu, ambiri angokhala. Akatswiri amati kreef yotsala m'nyanja ndi yosakwana 2 pa 100 ya momwe inalili kale isanayambe kugwidwa mwamalonda. Mu nyengo ya 2017/18 boma linalola matani 1,924, bungwe loteteza zachilengedwe la WWF linakasuma, ndipo mu 2018 khoti linagamula kuti chiwerengerocho chinali chosemphana ndi lamulo. Zitatero anadula chiwerengerocho mpaka kutsika pansi pa theka. Anthu ogawana ndi omwewo, nkhanuzo ndiye zikutha.

Ntchito yake musaiyerekeze ndi ya usipa. Madzi a kuno amabwera ndi mkokomo wa m'nyanja wotchedwa Benguela, ozizira moti zala zimachita dzanzi usanamalize kumanga nyambo. Pa timaboti tating'ono amagwiritsa ntchito ukonde womangidwa pa mkombero wachitsulo, pakati n'kumangirira mitu ya nsomba. Umauponya pamiyala, kudikira, kenako kukoka ndi manja mwachangu osapumira, apo ayi zimathawa. Zikafika m'boti umayeza iliyonse. Yosakwana mamilimita 75 pa chigoba chakumsana imabwerera m'madzi, yaikazi yonyamula mazira kunsi kwa mchira chimodzimodzi. Nyengo imatsegulidwa cha mu Novembala, ndipo ikatsekedwa lendi siidikira.

Mtengo nawo ukuchokera kutali. Kreef yambiri imapita yamoyo pa ndege ku China. Kumayambiriro kwa 2020 Covid itatseka msika umenewo, mtengo unagwa, asodzi n'kutsala ndi katundu m'matanki. Mu 2022 madzi atafiira n'kutha mpweya ku Elands Bay, kreef zinatuluka zokha n'kudzafera pamchenga matani mazanamazana.

Chimene ndikuopa kwenikweni n'chakuti mukafika, wina adzakunong'onezani za maulendo a usiku, ndalama pompo. Ameneyo akagwidwa ali ndi abale omulipirira belo, inu mudzagona m'selo kenako akubwezeni kumudzi chimanjamanja. Chilolezo cha ogwira mongosangalala chisakupusitseninso: ndi zinayi zokha patsiku, masiku ake ochepa, ndipo kugulitsa ngakhale imodzi ndi mlandu.

Ngati mtima wakakamira panyanja, konzani kaye mapepala, mupange maphunziro a chitetezo ovomerezeka ndi SAMSA (bungwe la boma loona za chitetezo panyanja), ndipo musanaponde boti la munthu mufunse kuti amalipira zingati pa kilo, komanso mafuta ndi nyambo amadula kwa ndani.