Maiki ya pa kiki: ilowe mkati kapena ikhale panja?

Imelo ya sabata ino yachokera ku Chawama, kwa mbale wina amene amakhala pa mikisa (makina osakanizira mawu) ya tchalitchi chawo Lamlungu lililonse, ndipo nkhani yake ndi ya kiki, ng'oma yaikulu ija yoponda ndi phazi. Ndaidula pang'ono, koma mfundo yake ndi iyi: "Akulu, tchalitchi chathu ndi cha mabuloko, pansi simenti, denga la malata. Kiki ikamalira timangomva guu guu ngati lole ikudutsa pa mlatho, koma kumenya kwenikweniko sikumveka. Ndikakweza, masabu (masipika a mawu ozama) amayamba kung'ung'udza ndipo abusa amanditembenukira. Maiki ndimaiimika patsogolo pa ng'oma, ndi SM58 yomwe inatsala kwa oimba. Manje ndisonkhetse ndalama tigule Beta 52, kapena ndimalakwitsa poika?"

Mbale wanga, ndalamazo zisungeni kaye. Beta 52A ya Shure ndi maiki yabwino, ine ndimaigwiritsa ntchito, koma mukaigula n'kukaiimika pamalo omwewo pamene pali SM58 yanu lero, guu guu uja adzangokula. Abusa adzakutembenukirani kawiri, kachiwiriko akufunsa za ndalama za mpingo.

Loweruka likubwerali, pa nthawi ya pulakatisi, zimitsani zonse. Muuze woimba ng'oma azingoponda kiki yokha, inu mugwade pansi, khutu pafupi ndi chikopa cha kutsogolo. Kenako zungulirani mugwade mbali ya phazi lake, pamene kamutu ka pedulo kamamenya. Mumva kuti ng'oma imodziyi ili ndi mawu awiri. Kutsogolo kuli kugunda kozama kumene kumamveka m'chifuwa, kumene pa ng'oma ya mainchesi 22 kumakhala cha pakati pa 50 ndi 80 Hz (Hz ndi muyeso wa mawu: nambala ikachepa mawu ndi ozama, ikakula ndi apamwamba). Kumbuyo kuli ka "tha" kouma, kamutu kakakhudza chikopa, ndipo kameneka kali kumwamba, cha m'ma 3,000 mpaka 5,000 Hz. Ka "tha" kameneka ndi kamene kamauza mayi wa kwaya amene ali kumapeto kwa mzere nthawi yoponda phazi. Kugunda kozama kumangodzaza nyumba.

Tsono nyumba yanuyo ndi yodzaza kale. Funde la mawu a 60 Hz limatalika pafupifupi mamita 5.7. Simenti ndi mabuloko sizilimeza, zimangolibweza, ndipo limayendayenda pakati pa makoma, funde latsopano likukumana ndi lakale lisanazime. Malata nawonso amanjenjemera n'kuwonjezera zawo. Ngakhale popanda maiki, kiki m'nyumba yotere imamveka kale yonenepa. Inu mwaimika maiki panja, pamene pali kunenepa kokhakokha, n'kutumizanso kunenepako ku masabu. Chimene nyumbayo ikusowa ndi ka "tha", ndipo ka "tha" kali mkati mwa ng'oma.

Za kung'ung'udzako, chikopa cha kutsogolo ndi chachikulu ndipo chimanjenjemera chikamva mawu ozama kuchokera kulikonse. Masabu akalira, chikopa chimayankha, maiki imatola, mikisa imabwezera ku masabu, basi gudumu layamba kuzungulira. Maiki ikalowa mkati pafupi ndi pomenyera, imalandira mawu amphamvu kwambiri moti gain, batani lokwezera mphamvu ya mawu olowa kuchokera ku maiki, mumaitsitsa, ndipo gudumu lija limasowa poyambira.

Simunandiuze ngati chikopa cha kutsogolo chili ndi bowo. Ndiyamba ngati lilipo.

Lowetsani maiki pabowopo ipite mkati ndithu, mpaka itatsala masentimita 10 kapena 15 kuti ikhudze chikopa chomenyedwa. Ndiye kuti utali wa chikhatho chanu, kapena kupitirira pang'ono. Isayang'anizane maso ndi maso ndi kamutu ka pedulo. Ikhale chapambali pang'ono, koma mphuno yake iloze pamene kamutuko kamamenya. Pamenepa ndi poyambira chabe. Mukaiyandikizitsa, masentimita 5 mwina, ka "tha" kamakula, ng'oma imauma. Mukaikokera kumbuyo chapakati pa ng'oma, thupi limabwera, koma pamabweranso mawu ena onga mukumenya katoni yopanda kanthu, a cha m'ma 300 mpaka 400 Hz. Mukailozetsa kumbali, ku thabwa la ng'oma m'malo mwa pomenyera, ka "tha" kamafewa. Zonsezi zimachitika m'kadanga kosakwana mkono umodzi, ndipo kusuntha kwa zala zitatu kumasintha mawu kuposa mabatani onse a EQ, aja okwezera kapena kutsitsira mawu apansi, apakati ndi apamwamba, amene mwakhala mukupotokola. Ntchitoyi imafuna anthu awiri: wina agwade pa ng'oma azisuntha, inu muli pa mikisa mukumvetsera, woimba akuponda mosalekeza.

Pali malo amodzi amene ndikukuletsani, ndipo ndinawaphunzira mochititsa manyazi. Ndi pakamwa penipeni pa bowo. Zaka zapitazo ndinali ndi ntchito ya ukwati mu holo ina cha ku Kabwata. Sitandi yaifupi ndinaiiwala kunyumba, ndiye ndinapinda yaitali mpaka maiki inangofika pakamwa pa bowo, theka mkati theka panja. Poyesa zinkamveka bwino chifukwa mnyamata wa ng'oma ankaponda mwaulemu. Akwati atalowa, iye n'kutenthedwa, masabu anayamba kuchita "pfu, pfu" ngati pepala lang'ambika. Ndinatuluka thukuta, ndikuwerengera kale mtengo wokonzetsa sipika ya eni ake. Ndinagwada pa siteji anthu akuvina, ndipo nditaika dzanja pabowo ndinamva mphepo ikundiwomba ngati pampu ya njinga. Mpweya wonse wa m'ng'omamo umatulukira pa kabowo kameneko, ndipo maiki inali ikumva mphepo, osati ng'oma. Ndinaikankhira mkati ndi zala zinayi zokha, phokoso linatheratu. Choncho ilowe ndithu, kapena ituluke ndithu n'kupatuka pa njira ya mphepo.

Nanga bowo likakhala kuti palibe? Matchalitchi ambiri muno mu Lusaka ng'oma zawo zili choncho, mmene zinachokera ku sitolo, dzina la kampani lili mbee pakati. Njira yabwino ndi kuboola. Bowo la mainchesi 4 kapena 5 limakwana, ndipo lisakhale pakati, likhale chapambali, cham'munsi, monga pamene pamakhala 4 koloko pa wotchi. Bowo lapakati limapha kulira kwa chikopacho, lalikulu kwambiri limafanana ndi kuchichotseratu. Zikopa zimenezi ndi za pulasitiki, motero ambiri timatenthetsa chitini chopanda kanthu pa mbaula n'kuchidinda pachikopa chitagonekedwa pa thabwa. Chimadula bwino, ndipo m'mphepete mumasungunuka n'kulimba, simung'ambika msanga monga mmene zimachitikira ndi lezala. Koma chonde, kambiranani kaye ndi woimba ng'oma komanso akuluakulu a mpingo. Kuboola katundu wa tchalitchi mwa inu nokha ndi nkhani yokafika ku komiti.

Akakana, chotsani chikopa cha kutsogolo chonse tsiku la mapemphero, ngakhale ng'oma imaoneka yamaliseche ndipo kuzama kwake kumachepa. M'nyumba ngati yanuyo kuchepako sikudandaulitsa. Akakananso zimenezo, pitani mbali ya woimba. Imikani maiki pambali pa pedulo, mbali yotalikirana ndi sineya (kang'oma kaja kokhala ndi mawaya kunsi), iloze pomenyera. Ka "tha" mukapeza kambiri, koma mutolanso kunsi kwa sineya ndi kulira kwa pedulo ngati ili ya dzimbiri, ndiye kadontho ka mafuta a makina osokera kakhale pafupi. Mbali imeneyi chikopa chimathawa maiki pomenyedwa m'malo moibwerera, choncho yesani kudina batani la polarity, lotembenuza funde la mawu, lija lili ndi chizindikiro cha ziro wodulidwa pakati, mumve mbali imene ikumveka yodzaza.

Tisanapitirire, suzumirani m'ng'omamo. Ndinapezamo kale mayunifomu a kwaya, makatani akale, ngakhale chikwama cha zingwe, ng'oma itasanduka sutikesi. Yodzaza choncho siilira, imangoti "phu". Yopanda kanthu mkati nayo imalira motalika ngati mgolo. Pilo imodzi kapena bulangeti lopinda, logona pansi, lokhudza zikopa zonse ziwiri pang'ono, ndi zokwanira. Amene tinakulira kum'mawa, ku Katete kapena ku Chadiza, izi si zachilendo. Tinkaona akuluakulu akuwamba mbalule pamoto ndi kumata phula pakati pa chikopa gule asanayambe. Palibe ankayembekeza kuti bwalo likonza ng'oma yosawamba. Kiki nayonso imafuna kukungidwa: masulani zomangira mpaka chikopa chichite makwinya, kenako mangani pang'onopang'ono, modumphadumpha mbali ndi mbali, mpaka makwinya atangotha. Onaninso kamutu ka pedulo. Kambiri kali ndi nkhope ziwiri, ya nsalu yofewa ndi ya pulasitiki yolimba. Kungokatembenuzira ku pulasitiki kumabweretsa ka "tha" popanda kulipira ngwee, bola mumate kachigamba pomenyerapo kuti chikopa chisabooke msanga.

Tsopano za SM58 yanu. Siinapangidwire kiki, ndi zoona. Mawu a pansi pa 100 Hz imayamba kuwafooketsa, chifukwa inapangidwira pakamwa pa munthu. Koma phokoso lalikulu siliiwononga, ndipo maiki za mtundu wake zikayandikira chinthu kwambiri zimawonjezera zokha mawu ozama. M'nyumba ya simenti imene besi ndi wosefukira kale, kufooka kwakeko kukhoza kukuthandizani. Ndinamvapo SM57, m'bale wake wa SM58, ili mkati mwa kiki yokungidwa bwino ikumveka mwaudongo kuposa maiki yodula yoikidwa mwachisawawa. Tsiku limene mudzakaimbe panja, ku Showgrounds kapena pa bwalo la mpira pa msonkhano wa chitsitsimutso, kumene kulibe makoma obweza mawu, pamenepo mudzaifunadi Beta 52A, kapena AKG D112 ija yooneka ngati dzira, kapena Audix D6. Zimenezi zinapangidwa kuti zizikweza zokha pansi ndi pamwamba, zina n'kuchepetsako pakati. Podzagula samalani, zabodza za Shure zachuluka ndipo bokosi lake limaoneka ngati lenileni. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani.

Mwina munaonapo pa makonsati akuluakulu kiki ili ndi mamaiki awiri. Ina ndi yafulati, monga Beta 91A, imagona pa pilo mkati ndipo imafuna phantom power ya 48V (magetsi amene mikisa imatumiza ku maiki kudzera pa chingwe), inayo ili cha pabowo. Yamkati imapereka ka "tha", yapanja thupi. Vuto lake ndi lakuti mawu amayenda pafupifupi masentimita 34 pa milisekondi imodzi, ndiye safika pa mamaiki awiriwo nthawi imodzi, ndipo mukawaphatikiza mawu ena amadyana. Zimakonzeka, koma inu musayambire kumeneko.

Pa mikisa sindichulutsa. Gain muiike woimba akuponda mwamphamvu zake zenizeni. Anyamata a ng'oma onse amanama poyesa: amaponda ngati akuopa kudzutsa mwana, koma ikafika nthawi ya matamando mwendo umasanduka wina. Muuzeni aimbe nyimbo imene imamutenthetsa. Kenako dulani pang'ono pa 300 mpaka 400 Hz, ka katoni kaja kachoke, musanaganize zokweza china chilichonse. Ka "tha" kakaperewerabe, onjezani pang'ono cha pa 4,000 Hz. Batani la besi lisiyeni pamene lili, kapena mulitsitse. Ngati mikisa yanu ndi ya dijito, monga X32 imene yafala m'matchalitchi, ili ndi gate, imene imatseka maiki pamene kiki sikulira. Imathandiza, koma musaimange kwambiri. Pa kalindula kapena pa sebene mwendo umathamanga ndipo kuponda kwina kumakhala kopepuka, gate yolimba imameza kumeneko, woimba n'kumaoneka ngati akuphonya.

Pa kalindula pomwepo, kumbukirani kuti mwini wake wa mawu apansi ndi gitala ya besi. Ndi imene imatsogolera nyimbo, imayenda, imayankhula. Kiki ndi besi zikamalimbirana malo amodzi, zonse zimasanduka phala. Ine pa nyimbo zotere ndimasiyira besi kuzama, kiki n'kuipatsa kumenya kouma, kwakufupi. Ena amachita mosemphanitsa ndipo sindikangana nawo, koma m'nyumba ya malata njira yangayi siinandigwiritsepo mwala.

Chinanso, mikisa yanu ili pati? Ndikuganiza kuti ili kumbuyo kwenikweni, mwatsamira khoma, mwinanso pakona, chifukwa ndi kumene amatiika tonse. Mawu ozama amaunjikana m'makoma ndi m'makona, motero zimene mukumva inu si zimene akumva amene ali pakati. Nyamukani, yendani mpaka kutsogolo, khalani pa benchi ya amayi, bwererani. Mupeza malo ena kiki ikugunda pamtima, mamita awiri okha kuchokera pamenepo yasowa. Zimenezo si maiki, ndi nyumba. Masabu nawo ayang'aneni: ngati akhudzana ndi siteji ya matabwa pamene pali ng'oma, kunjenjemera kumadutsa m'matabwa n'kukwera ndi sitandi. Atsitseni pa simenti, patsogolo pa siteji, ndipo pansi pa ng'oma muyale kapeti. Kumbukiraninso kuti Loweruka mukuyesa m'nyumba yopanda anthu. Lamlungu matupi ndi zovala zimameza mawu apamwamba kuposa apansi, ndiye ka "tha" kamene kakumveka kokwanira Loweruka kadzachepa anthu akadzaza. Kasiyeni kopitirira pang'ono.

Mukapeza malo amene akukomerani, mangitsani sitandi zolimba, isakhudze m'mphepete mwa bowo, ndipo pa phazi lake muikepo njerwa, chifukwa maiki ikatalikira mkati sitandi yaifupi imakonda kugwada yokha pakati pa nyimbo. Matani tepi pa kapeti pamene pali miyendo ya sitandi ndi ya ng'oma, inanso pa ndodo ya sitandi pamene yalekezera kulowa, kuti ana a Sande sukulu akasuntha zinthu mudzabwezeretse msanga. Mukandilemberanso mundiuze ngati akomiti alola za chitini chija. Koma musanditumizire zojambula pa foni kuti ndimve kusintha, kasipika ka foni 60 Hz sikaidziwa n'komwe.