Kodi wa ku Chipata angagwire ntchito yoika ndalama m'makampani ongoyamba kumene?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Katete amene amasunga mabuku a ndalama pa shopu yogulitsa mbewu ndi feteleza kuno ku Chipata. Wamva za anthu otchedwa venture capitalist, amene amapereka ndalama kwa achinyamata oyambitsa makampani, ndipo funso lake lili pawiri: kodi si kaloba yemweyo wangovala jekete? Nanga munthu wa kuno kum'mawa angaifike bwanji ntchito imeneyi?

Mlongo wanga, si kaloba ayi. Wa kaloba akakupatsani K1,000 amafuna yake ndi chiwongola dzanja mwezi ukatha, malonda ayende asayende, ndipo mukalephera amanyamula wailesi kapena njinga. Banki nayo imayamba yafunsa chikole. Koma venture capitalist sakongoza. Amagula gawo la kampani yanu, masheya, n'kukhala mnzanu pa bizinesiyo. Kampani ikagwa, ndalama yake yagwera momwemo.

Ndalamazonso nthawi zambiri si zake. Amazitolera kwa ena, monga IFC ya World Bank, bungwe la boma la Britain la BII, mabungwe a penshoni ndi anthu olemera, n'kuzisonkhanitsa m'thumba limodzi la zaka pafupifupi 10. Mwambo wofala ndi woti oyendetsa thumbalo amatengapo 2 peresenti pachaka yoyendetsera ofesi, ndi 20 peresenti ya phindu ngati lapezeka. Makampani ambiri amene amawathandiza amafa kapena amangobweza pang'ono, ndipo imodzi kapena ziwiri zimene zakula kwambiri ndi zimene zimabweza za onse. N'chifukwa chake amakana anthu ambiri kuposa amene amawavomera, ngakhale ena a malonda abwino ndithu.

Za njira yofikirako, taonani mayi Omobola Johnson a ku Nigeria. Anagwira zaka zambiri ku Accenture, kampani yolangiza makampani ena, mpaka kutsogolera nthambi ya ku Nigeria, kenako anakhala nduna yoona za luso la mauthenga kuyambira 2011 mpaka 2015, ndipo atachoka m'boma ndi pamene analowa TLcom Capital, kampani ya ma venture capitalist imene inaika ndalama ku Andela ndi ku Twiga Foods ya ku Kenya. Sanayambe ndi kugawa ndalama. Anayamba aona kaye mkati mwa makampani, kumene ndalama zimalowera ndi kumene zimadonthera. Ena amafikako atayambitsa kampani yawoyawo, ena atachokera ku banki.

Pali zinthu zimene mabuku a ku America sangakuuzeni bwino. Thumba limabwera m'madola, koma kampani ya kuno imagulitsa m'makwacha. Kumayambiriro kwa 2020 dola inali pafupifupi K14, pofika 2024 inadutsa K25, ndipo pakati pake, mu November 2020, dziko lathu linalephera kulipira ngongole yake ya Eurobond, imene boma linatenga m'madola pa misika ya ndalama ya kunja. Kampani ikhoza kuwirikiza malonda ake kawiri koma mwini thumba n'kuona kuti m'madola sanasunthe. Chinanso, wogula gawo amadya phindu pokhapokha atapeza womugulanso, ndipo kuno ogula otero ndi ochepa. Kampani yotumizira ndalama yotchedwa Zoona, imene inayamba mu 2009 n'kulandira ndalama za Omidyar Network ndi Accion, inadzagulidwa ndi Chipper Cash mu 2022. Werengani zakazo. Ntchitoyi imafuna mtima wodikira ngati wa munthu wobzala mango.

N'zoona kuti ndalama zambiri zamtunduwu mu Africa zimathera ku Nigeria, Kenya, South Africa ndi Egypt, ndipo zochepa zofika ku Zambia zimakonda kuima pa Lusaka. Koma musadzione ngati muli kumathero a msewu. Good Nature Agro inayambira kuno kwathu mu 2014, kuchulukitsa mbewu za nshawa, soya ndi nyemba pamodzi ndi alimi ang'onoang'ono, ndipo oika ndalama monga Goodwell Investments ya ku Amsterdam anaitsatira mpaka kuno. Wochokera ku Amsterdam akafika amafuna munthu wodziwa chifukwa chimene mlimi amene walandira mbewu pa ngongole amagulitsira mavenda theka la zokolola mu May, pamene ndalama ya sukulu yapanikiza. Inu zimenezo mumaziona tsiku ndi tsiku muli pa kauntala, ndipo kwa ine chimenechi n'chuma chimene ambiri a m'maofesi a ku Lusaka alibe.

Ndinaonapo ndekha mnyamata wina wopera chiponde, malonda ake akuyenda bwino, mabotolo akutha asanazizire. Atabwera mlendo wofuna kuikamo ndalama n'kupempha mabuku, mnyamatayo anatulutsa kope la sukulu lothimbirira mafuta. M'menemo ndalama ya nshawa, ya maliro a amalume ndi ya yunifolomu ya mwana zinali pa tsamba limodzi. Mlendo anamwa tiyi, anathokoza, sanabwerenso. Zinandiwawa, chifukwa chiponde chinali chabwino, ndipo chimene chinasowa chinali munthu ngati inu wokhala naye pansi miyezi itatu.

Ndiye yambirani pomwepo. Malizani maphunziro anu a zowerengera ndalama a ZICA kapena ACCA, ndipo phunzirani kuwerengera mtengo wa kampani pa Excel. Tsatirani zochitika za ku BongoHive, malo othandiza oyambitsa makampani amene anatsegulidwa ku Lusaka mu 2011, chifukwa mwayi wa ntchito zoyambira m'matumba otere umamveka kwambiri m'malo ngati amenewo. Koma koposa, sankhani mabizinesi awiri kapena atatu a ku Kapata kapena ku Saturday Market, muwathandize kulembetsa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, kutsegula akaunti yosiyana ndi ya kunyumba, ndi kulemba malonda mwezi ndi mwezi. Pa iliyonse lembani tsamba limodzi lonena ngati mukanaikamo ndalama kapena ayi, ndi chifukwa chake, muikepo deti. Chaka chikatha muwatsegulenso masambawo muone pamene munalondola ndi pamene munaphonya, kenako mudzanditumizire, tidzawerengere limodzi.