Mwana wanga akufuna tochi ya gasi yowotcherera mphete: ndimulole?

Mayi wina wa ku Mzimba wandilembera za mwana wake wamkazi amene analemba mayeso a MSCE chaka chatha. Mtsikanayu wakhala akupanga ndolo ndi zibangili za mikanda ndi waya wa mkuwa, n'kumagulitsa kwa anzake. Tsopano akufuna kuyamba mphete za siliva, ndipo wapempha ndalama zogulira tochi ya gasi yowotcherera. Amalume ake akuti palibe chovuta, angolumikiza paipi ku silinda yophikira ija, mwanayo azigwirira ntchito kuchipinda kwake. Mayiwo akufunsa kuti: "Sindifuna kumugwetsa ulesi, koma tulo sitibwera ndikaganiza za gasi m'nyumba. Kodi ntchito imeneyi munthu angadye nayo? Nanga motowo amauyamba bwanji kuti asavulale?"

Mayi, mantha anuwo ndi oyenera, koma mwanayo musamuletse. Kwanu komweko ku Mzimba kumakumbidwa miyala ya mtengo wapatali ya aquamarine, ku phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu kuli ruby ndi sapphire, ndipo miyala yambiri imatuluka m'dziko muno ili yosasema, n'kukakhala pa mphete m'manja mwa amisiri akunja. Mwana amene mtima wake uli pa luso limeneli wasankha bwino. Chimene ine ndikukana ndi chakuchipindacho, komanso paipi ya amalumeyo.

Tiyambe ndi kukula kwa moto, chifukwa ambiri amagula moto waukulu kuposa ntchito yawo. Siliva wa mphete, uja amamudinda nambala 925, amasungunuka pa madigiri pafupifupi 890. Solda wolumikizira silivayo amasungunuka msanga, pakati pa madigiri 650 ndi 800 malinga ndi mtundu wake. Katochi kakang'ono kogwira m'manja, kothira gasi wa butane, lawi lake limafika madigiri 1,300 kapena kuyandikira pamenepo. N'kokwanira pa ndolo, unyolo ndi mphete zopyapyala, ndipo kalibe paipi yoti n'kudontha. Ayambire pamenepo. Pothira gasi atuluke panja, katochiko katazizira, kutali ndi mbaula, ndipo adikire mphindi zingapo asanayatse. Moto uja wa owotcherera mageti, wa okosijeni ndi asetilini, umapyola madigiri 3,000. Wongoyamba kumene akauyandikitsa pa mphete amangoona yasanduka kampira. Ndipo zija ena amapanga okha, zothira kabaidi ndi madzi m'chitini kuti atulutse gasi, zisalowe n'komwe pabwalo panu.

Tsono malo. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. Akadontha sakwera kudenga ngati utsi, amatsika, n'kuyenderera pansi ngati madzi, kukaunjikana pansi pa bedi kapena kuseri kwa chitseko. Fungo lija mumamva anachita kuthiramo dala kuti lizitichenjeza, koma munthu ali m'tulo salimva msanga. M'mawa wina akhwatcha machesi, basi. N'chifukwa chake silinda sigona kuchipinda. Mupezereni pakhonde kapena kashedi kolowa mphepo, kopanda makatani, matiresi, palafini kapena chigubu cha petulo. Pa tebulo ayale lata, pamwamba pa latalo aike njerwa zosapsa ndi moto zimene amamangira ng'anjo. Asawotcherere pasimenti: simenti imasunga chinyezi, ikatenthedwa kwambiri imathetheka n'kuulutsa tizidutswa kumaso. Zidutswa za asibesito nazonso ayi, fumbi lake limawononga mapapo. Chozimitsira moto cha ufa ndi ndowa ya mchenga zikhale mbali ya kukhomo, kuti moto ukabuka asachite kuudumpha pokazitenga.

Tsiku lidzafika loti katochi kaja kadzachepa, makamaka akadzayamba zibangili zokhuthala. Apo m'pamene adzafune tochi ya paipi, yoyendera gasi wa propane yekha kapena wophatikiza ndi okosijeni. Ndipo apa ndi pamene ndikufuna inu ndi amalume mumvetsetse. Regyuleta ya pa chitofu, kachipangizo kaja kolumikiza silinda ndi paipi, inapangidwa kuti izitulutsa gasi mofooka, mokwanira mphika basi. Tochi imafuna regyuleta yakeyake yotha kuchepetsa ndi kuonjezera mphamvu. Gasi aliyense ali ndi regyuleta yake ndi paipi yake. Pa zipangizo zotsata muyezo wa ku Ulaya ndi ku South Africa, paipi ya okosijeni imakhala yabuluu, ya propane yaolenji, ya asetilini yofiira. Manati a mbali ya gasi woyaka amamangidwa pozunguliza kumanzere, ndipo ali ndi kamzere kosemedwa. A okosijeni amamangidwa kumanja monga mwa nthawi zonse. Anachita zimenezi dala kuti munthu asasemphanitse. Nati ikakana kulowa, ikukuuzani kuti si pake, musaikakamize ndi sipanala. Paipi yothirira kudimba yomangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga ndi imene yapsereza anthu ambiri nkhope.

Pali kachipangizo kena kotchedwa flashback arrestor, kamene kamatsekereza lawi likafuna kubwerera m'paipi kulowera ku silinda. Pa tochi ya okosijeni kamafunika mbali zonse ziwiri. Ogula ena amakasiya poti kakukweza mtengo. Ngati ndalama sizikukwana kugula timeneti, ndiye kuti sizinakwane kugula tochiyo.

Masilinda aime chilili, omangiriridwa ndi tcheni kukhoma, kutali ndi lawi ndiponso osati padzuwa. Mafuta kapena girisi zisakhudze chilichonse cha mbali ya okosijeni, ngakhale mafuta odzola otsalira m'manja, pakuti mafuta akakumana ndi okosijeni wopanikizika amatha kuyaka okha popanda machesi. Potsegula, ayambe wamasula kachowongolera ka pa regyuleta, aime chapambali, osati maso ndi maso ndi mageji (timawotchi toonetsa mphamvu ya gasi), ndipo valavu ya silinda aitsegule pang'onopang'ono.

Asanayatse, ayese ngati pali podontha. Asungunule sopo m'madzi, apake ndi kaburashi polumikizira paliponse, kenako akhale chete n'kuyang'anitsitsa. Pamene pakudontha, thovu limayamba kutukusira, timibulu tating'ono tounjikana ngati mazira a chule, kapena limodzi lalikulu lofufuma n'kuphulika. Akaona zotero atseke silinda, akonze, ayesenso. Kumbali ya okosijeni kuli mankhwala akeake oyesera opanda mafuta, afunse kumene akugula gasi. Ine ndinaonapo ndi maso anga mnyamata pamsika wina akuyendetsa machesi woyaka m'mbali mwa paipi kuti apeze podontha. Anapapeza, koma nsidze zinapita ndipo dzanja linatupa matuza mpaka m'chigongono. Ankangotsanzira zimene anaona abwana ake akuchita.

Poyatsa amatsegula gasi woyaka pang'ono, n'kuyatsa ndi chothethetsa moto cha owotcherera, tochi italoza kutali ndi thupi, kenako amaonjezera okosijeni mpaka lawi lachikasu lija litasanduka labuluu, losongoka pakati. Laita ya pulasitiki asaisiye patebulo. Pozimitsa tochi ya propane amayamba kutseka okosijeni, gasi pambuyo. Kabuku kobwera ndi tochiyo akawerenge ndithu, pakuti matochi ena ali ndi dongosolo lawo. Poweruka atseke masilinda, atulutse gasi wotsalira m'mapaipi mpaka mageji atagwa pa ziro, amasulenso chowongolera chija. Tsiku lililonse, ngakhale atatopa chotani.

Mwanawe, izi ndikuuza iwe. Wigi, meshi ndi zovala za nayiloni zikagwira moto zimasungunuka n'kukanirira pakhungu. Tsitsi ulimange kumbuyo, uvale za thonje, epuloni yokhuthala, nsapato zotseka ndi magalasi oteteza maso; chitenje cholendewera uchisiye pa mpando. Pogula solda funsa wopanda chitsulo chotchedwa cadmium, chifukwa utsi wake ndi poizoni woopsa, ndipo solda wa mtovu wa okonza mawailesi usamuyandikitse pa siliva, amamudya. Potsuka mphete ukatha kuwotcherera, asidi wa mu batire ya galimoto umusiye. Citric acid wosungunula m'madzi ofunda amagwira ntchito yomweyo, kungoti amachedwerapo. Ukapsa, ika balalo pa madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira usapakepo. Bala likakhala lalikulu, kapena lili kumaso kapena m'manja, pita kuchipatala.

Mayi, zonse ndalembazi sizingalowe m'malo mwa mmisiri woima pambali pake. Safunsa anadya phula. Tochi ya paipi asadzaiyatse koyamba ali yekha kapena akuonera kanema pa foni. Pitani naye ku ofesi ya TEVETA ku Mzuzu, bungwe limene lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, mukafunse za kosi ya Fabrication and Welding ndi makoleji amene amaiphunzitsa. Kosiyo ndi ya zitsulo zikuluzikulu, si ya mphete, koma kasamalidwe ka gasi, maregyuleta ndi lawi ndi kamodzimodzi, ndipo akatuluka ndi pepala loti angapezere ntchito malonda a mphete akazilala. Luso la mphete lenilenilo akalitenge kwa mmisiri wosula siliva amene angavomere kumusunga miyezi ingapo. Musanamusiye kumeneko, kaoneni nokha malowo: ngati silinda yagona pansi, kapena paipi yamangidwa ndi mphira, funani kwina.

Ndalama zoyamba zipite ku katochi ka butane, njerwa ziwiri za ng'anjo, magalasi, chopanira chitsulo chotentha, borax (ufa wothandiza solda kuyenderera bwino polumikizira) ndi chozimitsira moto. Siliva adikire kaye. Aphunzirire pa waya wa mkuwa umene ali nawo kale, apinde timphete makumi angapo n'kumatilumikiza, mpaka polumikizirapo pazikana kuthyoka akapakoka ndi pulayala.