Amuna anga apeza ntchito ku Melbourne, kodi visa yathu ya 191 iwonongeka?

Sabata yathayi ndalandira email kuchokera kwa achemwali ena omwe ndi nesi ku Mount Gambier, ku South Australia. Dzina sinditchula. Ali pa 491, visa yoyembekezera ya anthu okhala m'madera a Australia otchedwa regional, ndipo akudikira 191, visa yokhazikika mdziko muno imene timati PR. Analemba zambiri koma mutu wake ndi uwu: "Tili pa 491 kuyambira March 2023, ine, amuna anga ndi ana awiri. Amuna anga apeza ntchito yabwino ku Melbourne, akuti azigonera konko Lolemba mpaka Lachisanu, weekend azibwera kuno. Poti main applicant ndine ndipo ineyo sindikusuntha, zingatiwonongere 191? Komanso anthu akuti ukapanda kupeza madola 53,900 pa chaka amakukana, ndi zoona?"

Achemwali, ndiyambe ndi za abambo akunyumbawo chifukwa ndi zimene zandigwira mtima. Asapite. Chonde asapite.

Mukatsegula grant letter yanu, kalata imene inakupatsani visa ija, mupeza condition 8579, imene ikuti muzikhala, kugwira ntchito komanso kuphunzira mu regional area basi. Ambiri timaganiza kuti lamuloli ndi la main applicant yekha, ayi ndithu, aliyense amene dzina lake lili pa visa imeneyo lamumanga, abambowo ngakhale anawo. Ndipo silikunena zogona zokha, likunenanso za kumene ukugwirira ntchito. Nde kaya munthu azibwera weekend iliyonse, kaya zovala zake zonse zili mu wardrobe ya ku Mount Gambier, ngati payslip ikuonetsa kuti ntchito akugwirira mu Melbourne waphwanya lamulo, ndipo akhoza kudzakanidwa 191 kapena visa yake kuthetsedwa kumene. Tangoganizani inu ndi ana muli pa PR, bambo awo akuthamanga ndi maloya.

Ndikudziwa kuti ndizowawa. Munthu wamkulu, wamaphunziro ake, kwathu anali ndi ofesi yake, pano akungogwira timaganyu tosagwirizana ndi zimene anaphunzira, kenako foni yabwera yoti bwerani mudzayambe Lolemba. Kukana ntchito ngati imeneyo sichinthu chapafupi ndipo musawalankhule ngati ndi osamva. Koma mwapirira kale nthawi yaitali, zaka zitatu zimene muyenera kukhala pa 491 musanafunsire 191 zikukwana March 2026.

Chomwe mwina simunachiganizire ndichoti mawu oti regional pa nkhani ya visa sakutanthauza kumudzi. Malo oletsedwa ndi atatu okha, Sydney, Melbourne ndi Brisbane. Adelaide yonse ndi regional. Perth, Hobart, Canberra, Gold Coast, Newcastle, Wollongong, Geelong, yonseyo ndi regional. Ndiye ngati vuto ndi loti ku Mount Gambier ntchito za field yawo kulibe, bwanji osafunafuna ku Adelaide, komwe ndi state yomweyo imene inakupatsani nomination, chivomerezo choti mufunsire 491? Inu nesi simungasowe pogwira. Kusamukira ku regional area ya state ina sikuphwanya 8579, koma paja munalonjeza a South Australia kuti mudzakhala kwawoko, ineyo ndimaona kuti ndibwino kuwalembera kaye kusiyana ndi kungozemba. Ndipo musanasaine lease iliyonse yang'anani postcode yake pa list ya Home Affairs, unduna woona za ma visa, makamaka m'mphepete mwa mizinda itatu ija, chifukwa malire amayendera postcode osati maso. Wina akhoza kukuuzani kuti khalani ku Geelong abambowo azikwera sitima kukagwira ntchito mu Melbourne, imeneyonso ayi, vuto ndi lomwe lija.

Mukasamuka, condition 8578 ikuti muwadziwitse a Home Affairs pasanathe masiku 14. Adiresi yatsopano, nambala ya foni, email, pasipoti, adiresi ya kuntchito. Zimatheka pa ImmiAccount, akaunti yanu ya pa intaneti ya Home Affairs, mphindi zochepa chabe, koma anthu amaiwala.

Tsopano za 53,900. Nambala imeneyi sinangochokera kumutu kwa anthu, 491 ndi 494 zitayamba pa 16 November 2019 zimamveka kuti munthu adzayenera kuonetsa ndalama zimenezo pa chaka kuti apeze 191, moti ena anadzipha ndi ma shift a usiku poopa nambala yomweyi. Koma 191 itatsegulidwa pa 16 November 2022 a Home Affairs anadzanena poyera kuti palibe mlingo wa ndalama umene anaika. Chimene akufuna ndi ma Notice of Assessment, makalata oonetsa ndalama zimene munapeza ndi msonkho wake, ochokera ku ATO (ofesi ya msonkho), a zaka zitatu za msonkho pa nthawi imene muli pa visa yanuyo. Malamulo a visa amasinthasintha, nde tsiku lomwe mukukapanga apply werenganinso page ya 191 pa website yawo, osati screenshot ya mu group ya WhatsApp.

Apa ndi pamene ndimalimbikira kwambiri. Chaka cha msonkho kuno chimayamba 1 July kutha 30 June, ndipo ngati tax return mukupanga nokha tsiku lomaliza ndi 31 October. Notice of Assessment imabwera pokhapokha mwapanga lodge. Lowani mu myGov, akaunti ya boma ya pa intaneti, lero, osati mawa, muone ngati ya 2022-23, 2023-24 ndi zotsatira zake zilimo, muzipange download musunge. Ntchito za cash in hand zija zimakoma Lachisanu madzulo koma sizisiya umboni uliwonse. Ine nthawi imene ndinali pa 491 bwana wina anandiuza kuti azindipatsa pamanja, ndalama zake zochulukirapo pang'ono, ndinakana ndipo ndinabwerera kunyumba mtima uli pwee poti rent inali pafupi, koma payslip iliyonse imene ndinasunga inadzandiyankhulira.

Ndinali ndi katoni ya nsapato pamwamba pa fridge. M'menemo mumalowa lease, bill ya magetsi, makalata a kusukulu kwa mwana, ma bank statement oonetsa kuti ndimagula ku Woolworths ya m'dera lomwelo. Yambani yanu. Pali condition 8580 imene imawalola kukufunsani umboni wa komwe mukukhala ndi komwe mukugwira ntchito, ndipo amakupatsani masiku 28 okha.

Zina zonse ndizopepukirapo kusiyana ndi mmene munavutikira pa 491. Kulibenso ma points, kulibe nomination ina, zoti mukhale osakwana zaka 45 sizikugwiranso ntchito. Za police clearance ndi zaumoyo zilipobe, ndipo ya kwathu ngati adzaifuna yambani kuitsata msanga. Mukapanga apply musathamangire kulongedza katundu, mudakali pa 491 ndipo malamulo ake akukumangabe mpaka tsiku limene kalata ya grant idzalowe. Ikalowa muli mfulu kukhala kulikonse, Melbourne yomweyo, ndipo mukatha miyezi 12 pa PR, zaka zinayi mdziko muno zitakwana, mutha kufunsira citizenship.

Ine sindine migration agent, ndiye ngati abambowo anayamba kale ntchitoyo olo sabata imodzi, musabise ndipo musadikire, pitani kwa agent wolembetsedwa ku OMARA, ofesi yolembetsa ma migration agent, akuthandizeni. Ngati sanayambe, khalani nawo pansi usiku uno ana akagona, muwaonetse 8579 pa grant letter ndi maso awo, kenako mutsegule limodzi ntchito za ku Adelaide. Mundilembere mmene zayendera.